Dzina la Akulu Anga pa Sipika

Nchito yanga inali yolankhula pamwamba pa azungu. Filimu ikayamba ndinkakhala pa kampando pambali pa tivi, maikolofoni kudzanja lino, chala cha dzanja linalo pa voliyumu. Mzungu akatsegula pakamwa ndimamutsitsa, n'kulowapo ine. Zikafika pa mfuti ndi zibakela ndimakweza kuti malata anjenjemele. Ndimo tinkachitila pa vidiyo shoo ya kuseli kwa msika pa Boma, m'chinyumba chimene kale ankasungilamo fodya, ndipo fungo la fodyayo silinachoke mpaka lelo.

Sukulu ndinalekela giledi 9. Sikuti mutu unalibe kanthu ayi. Ndinakankha aphunzitsi a masamu, anagwela pa desiki, basi nkhani ya sukulu inathela pomwepo. Chizungu changa chinali cha theka, koma mwini shoo, mdala wina wamimba amene amagulitsanso mafoni akale kutsogolo kwa holoyo, anandiuza tsiku loyamba kuti anthu sabwela kudzamva chizungu. Amabwela kudzaona anthu amene amawadziwa. Ndiye lamulo la nchitoyo linali limodzi: filimu uibweletse kuno kwathu. Msilikali akathawila m'nkhalango, unene kuti walowa mu Lukusuzi, achenjele ndi alonda a nyama. Mkazi akakwela ndeke, ndiye kuti akupita ku Chipata kukaoda zovala za salaula. Ndipo munthu aliyense wa m'filimu umupatse dzina la munthu wa pano. Wakuba ankatenga dzina la kondakitala wa pa siteshoni. Bwana wankhanza anali uja wosankha magiledi a fodya. Anthu ankaseka mpaka kugwa pa mabenchi. Mwini dzina akamva mawa lake ankatukwana pang'ono, kenako n'kubwela yekha kudzaona mmene wamenyedwela. Ena ankachita kundiimitsa pamsewu kuti ndiwaike m'filimu ya kalate. Palibe amene anafapo nazo. Ine pa Boma ndinayamba kudziwika, atsikana a m'masaluni ankandizindikila ndi mawu ndisanalowe, ndipo ndinkayenda ngati msewu unapangidwila ine.

Kunyumba tinali atatu: amama, ine, ndi akulu anga. Adada anamwalila ndili giledi 4. Akulu anga amandiposa zaka zisanu ndi ziwili, koma kuyambila ndili mwana anthu ankandiuza ine kuti ndiziwayang'anila. Sayang'ana munthu kumaso. Amayenda monyang'ama ngati pansi pakutentha. Akadutsa pa chigayo amatseka makutu ndi manja onse awili. Amadyela mbale imodzi yokha, ya buluu, ndipo ikasowa sadya. Amama anapita nawo kwa aneneli, kwa asing'anga, kulikonse kumene anauzidwa. Pomaliza dokotala wina wachinyamata anawalembela liwu pa kapepala, otizimu, n'kunena kuti si misala, si ufiti, ndipo palibe jekeseni yake. Kapepalako amama anakaika m'buku la nyimbo, ndipo anthu a m'komboni anapitiliza kuwatchula mmene ankawatchulila kale.

Chimene akulu anga ankadzukila m'mawa chinali mayi wina wa pa wailesi ya kuno, amene amawelenga moni masana. Alimi amatumiza timapepala, moni kwa apongozi ku Mphamba, moni kwa mwana amene ali ku sukulu, iye n'kumawelenga kuyambila 2 koloko mpaka 4 koloko. Pulogalamu ikayamba akulu anga ankaika kawailesi kukhutu, n'kunyamuka pang'onopang'ono, kuti 4 koloko iwapeze pansi pa mtengo wa mango woyang'anizana ndi geti la wailesi. Mayiyo akatuluka, iwo ankamubwezela moni yense amene wawelenga tsiku limenelo, mwa ndondomeko, osalumpha dzina, maso ali pansi. Akalakwitsa ankamuuza. "Mwaiwala a ku Mphamba. Dzulo munati muwelenga lelo." Iye ankaseka, n'kuthokoza kuti yewo adada, mawa ndikonza, n'kukwela honda, njinga yamoto yonyamula anthu. Iwo ankatsatila hondayo mpaka pa kona, n'kubwelela kunyumba.

Zaka zisanu zinatha choncho. Mlonda wa pa geti anawaikila njelwa yoti azikhalapo, ngakhale sanakhalepo ndi tsiku limodzi. Akulu anga ankadziwa nyumba ya mayiyo, nambala ya honda imene imamutenga, chitenje chimene amavala Lachitatu. Anali ndi chitini cha mabisiketi mmene ankasungamo timapepala ta moni totoledwa kudzala, ndolo imodzi imene mayiyo anagwetsa, ndi kachidutswa ka tsitsi loluka kamene kanathothoka pokwela honda. Tonse tinkadziwa za chitinicho. Chinali ngati mbale ya buluu ija, chinthu cha akulu basi.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachisanu m'mwezi wa Juni, alimi atagulitsa fodya, Boma litadzaza. Maikolofoni yanga inali yopanda chingwe, ya mabatile, ndipo ndinkapita nayo kunyumba kuopa kuti ingabedwe. Ndinafika pa shoo anthu atadzaza kale mpaka pakhomo. Ndiyatsa, zii. Ndimenya pachikhatho, zii. Kutsegula kumbuyo, mulibe mabatile. Mdala uja anayamba kundikalipila anthu onse akumva, ati ndagulitsa mabatile n'kumwela. Ndinathamangila kunyumba magazi akuwila. Ndinakumana ndi akulu anga pakhomo akunyamuka, kawailesi kukhutu, nyimbo yotsegulila pulogalamu ikulila. Ndinawalanda, n'kuchotsa mabatile anga, n'kuponya kawailesiko pa mphasa.

Anayamba kulila kwawo kuja kopanda misozi, akudzimenya mutu ndi chibakela. Amama anatuluka manja ali ufa wokhawokha wa vitumbuwa. Sanafunse chimene chachitika. Anangoti, "Ndi akulu ako awa." Mawu amenewo ndinali nditawamva moyo wanga wonse. Akang'amba kope langa, ndi akulu ako. Akauza mtsikana amene wabwela kudzandiona kuti dzulo kunabwela wina, ndi akulu ako. Ndinamenyetsa chitseko n'kuthamanga.

Filimu ya tsikulo inali yatsopano. Mwa masiku onse filimu yatsopano ndinkayamba ndaionela ndekha m'mawa, kuti ndidziwe amene afe ndi amene atsale, ndisapatse dzina la munthu wabwino kwa chigawenga chenicheni. Iyi sindinaione. Mdala anaikopa m'mawa womwewo, n'kungondiuza kuti ndi ya woimba wina wamkazi wotchuka, ndilowe basi.

Inayamba ndi mwamuna akuyenda m'tauni ya azungu. Ankayenda monyang'ama. Basi itaimba huta anatseka makutu ndi manja onse awili. Anakaima tsidya la msewu, poyang'anizana ndi nyumba yojambulila nyimbo, maso pansi, akudikila woimbayo atuluke. Ndinakhala chete nthawi yaitali kuposa mmene womasulila amakhalila, mpaka wina kumbuyo anaponya funso limene amaponya nthawi zonse: "Ameneyo ndani, iwe?"

Ndinatchula dzina la akulu anga.

Holo inaphulika. Dzina la woimbayo sindinalitchule ine, anthu analitchula okha, la mayi wa moni. Mtima ukadali pa mabatile, ndinaika mawu a akulu anga m'kamwa mwa mzungu uja, mawu aja osakwela osatsika. Mwaiwala a ku Mphamba. Anthu ankapukuta misozi. Mlimi wina anatuluka kukataya madzi n'kubwelanso akusekabe. Sindinama, ndinamva kukoma. Ndinali ndisanaseketsepo anthu choncho.

Kenako filimu inatembenuka. Mzungu uja anayamba kutola zinthu zimene woimbayo wataya, n'kumaziika m'kabokosi. Anthu anakuwa kuti chitini, chitini. Analowa m'nyumba ya woimbayo pawindo. Anabaya dalaivala wake ndi mpeni, n'kumutengela mkaziyo kunyumba ina yakutali, n'kumutsekela. Kuseka kunachepa. Azimayi a pa benchi yakutsogolo anayamba kunong'onezana kuti kansi ndi mmene alili anthu amenewa. Ndinayang'ana mdala, iye anazungulitsa chala kuti pitiliza. Dzina sungalisinthe pakati pa filimu, aliyense wa nchito imeneyi adzakuuzani. Ukasintha anthu amasokonezeka, amayamba kukugenda ndi makoko a nshawa. Ndiye ndinanyamula dzina la akulu anga mpaka kumapeto, mpaka pamene apolisi anamuwombela mzungu uja pa masitepe. Ndipo ndinachita bwino. Ndicho chimandiwawa ndikakumbuka, ndinachita bwino kwambili.

Ndinaiwala chinthu china. Shoo ikakoma, mdala ankajambula mawu anga pamodzi ndi filimu, n'kumaikila anthu pa memole kadi kutsogolo kuja. Sabata isanathe ndinamva mawu anga akutuluka m'foni ya munthu wosamudziwa pa mzele wa pa chigayo.

Anayamba ndi anyamata a mahonda. Akulu anga akamadutsa ankawaimbila kuti mwaiwala a ku Mphamba. Iwo sanamve kuti ndi chipongwe. Ankaima n'kuwakonza, ati lelo a ku Mphamba awelengedwa kawili, amene aiwalika ndi a ku Chikomeni. Anyamatawo n'kumafa ndi phwete. Kenako azimayi a pa pompi anafunsa amama ngati kunyumba timabisa mipeni. Kenako mlonda anachotsa njelwa ija, n'kuwauza kuti aziima patali pang'ono. Sanasunthe. Malo awo anali pamenepo, pa muzu wachiwili wa mango.

Ine masiku amenewo sindinkakhazikika. Ndikakhala pansi ndimafuna kuimilila, ndikaimilila ndimafuna kuyenda. Ndinkadzela njila ya ku wailesi popanda chifukwa, kuwayang'ana chapatali, n'kubwelela. Ndinkadziuza kuti anthu a pa Boma sachedwa kuiwala, ibwela filimu ina. Ndinamasulila ziwili za kalate sabata imeneyo, ndinaikamo mayina a theka la msika, koma pakati pa ndewu wina ankakuwabe kuti tiikile ya chitini. Amama anali asanadziwe gwelo la nkhaniyo, ndipo ndinkadya nawo maso ali pa mbale, ngati ndine akulu anga.

Lachiwili la sabata yachitatu mayi wina wogulitsa tomato anasuzumila pa shoo n'kundiuza kuti ndithamange, akupha m'bale wanga. Ndinapeza gulu pansi pa mango. Mmene zinayambila ndinamva pambuyo pake. Mwamuna wake wa mayi wa moni anali ataonetsedwa filimuyo pa foni kunchito kwake. Anabwela ndi anzake awili, n'kufunsa akulu anga ngati n'zoona kuti ali ndi chitini. Akulu anga sadziwa kunama. Anavomela, n'kupita kunyumba kukachitenga, n'kubwela nacho mokondwa, chifukwa palibe amene anali atapemphapo kuchiona. Anatsegula okha. Timapepala, ndolo, tsitsi.

Ndinawapeza atakhala m'fumbi, malaya atang'ambika, mlomo ukutuluka magazi, akutola timapepala kamodzikamodzi n'kumatiyala mwa ndondomeko anthu akutiponda. Sindikumbuka bwino zimene ndinachita. Akuti ndinatola njelwa. Ndikudziwa kuti galasi la honda ina linasweka, ndipo pali mnyamata wina amene mpaka lelo akaseka amabisa pakamwa. Anandigwila anthu anayi. Ndili pansi, bondo la munthu lili pakhosi, mmodzi wa anyamata a mahonda anawelama n'kundifunsa, "Ukumenyela chiyani iwe? Si ndiwe wemwe unatiuza?"

Amama anamva madzulo omwewo. Neba wathu anabwela ndi foni, ati ndi bwino mudzionele nokha. Anaonela atakhala pa mphasa, akulu anga ali m'chipinda akung'ung'udza, ine nditaima pakhomo. Sanafike nayo kumapeto. Anabweza foni ndi manja awili, kuthokoza, kudikila neba atuluke.

"Mawu awa ndi ako?"

Ndinati ndi anga.

"Umawatsanzila bwino chomene."

Bola akanandimenya ndi mthiko. M'malo mwake anatenga foni yawo n'kuimbila asibweni, alongo awo a ku Chikomeni, kuti abwele adzatenge akulu anga asanawaphe pa Boma. Asibweni anati abwela Loweluka akatha kumanga mabelo a fodya otsala.

Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Akulu anga anagonapo kunja kwa nyumba ija kamodzi kokha, pa malilo a agogo, masiku atatu. Sanadye, ndipo anadziluma mkono mpaka pano chipsela chilipo. Asibweni si munthu woipa, koma amakhulupilila kuti matenda onse amatha ndi khasu. Ndinali ndi masiku atatu oti ndikonze zimene ndinaononga.

Lachitatu m'mawa ndinapita kwa mdala kumuuza kuti afafanize filimuyo. Anaseka, n'kundikankhila kompyuta yake kuti fafaniza wekha ngati ufuna, koma dziwa kuti inafika kale ku Chipata, ena akuti aimva ndi ku Mzimba komwe. Ndinamuuza kuti ndiye aiikenso masana, ndiimasulile mwatsopano. Anavomela msanga, chifukwa filimu imeneyo inkadzaza holo.

Ndinakonzeka kuposa mmene ndinakonzekelapo mayeso. Mzungu uja ndinamusiyila dzina lake lachizungu. Ndinanena kuti kuno ndi kwa azungu, si pa Boma. Pamene anatseka makutu ndinayesa kufotokoza kuti phokoso limamulasa ngati singano, kuti anthu otele ambili ndi ofatsa kuposa ife, kuti amene anapanga filimuyi anangofuna kutiopseza. Anandilola mphindi zisanu. Kenako wina anakuwa dzina la akulu anga, onse n'kulandila. Mawu anga akale ankawadziwa pamtima. Ndikanena zatsopano, iwo ankanena zakale pamodzi ngati kwaya, n'kundiposa ngakhale ndinali ndi sipika. Makoko anayamba kugwa. Wina wa pa benchi yachitatu anati, "Lelo wasanduka nesi, bwana?" Ndinaponya maikolofoni. Sinamupeze iye, inapeza tivi. Nchito inathela pomwepo.

Lachinayi 4 koloko ndinakaima pa mango ndekha, chifukwa amama anali atawatsekela akulu anga m'nyumba, ndipo kulila kwawo kunkamveka mpaka kumsewu. Mayi wa moni anatuluka, mwamuna wake akumudikila ndi honda. Atandiona mwamunayo anatsika. Ndinaika manja kumbuyo n'kugwila lina ndi linzake mwamphamvu, chifukwa ndimadzidziwa. Ndinagwada. Ndinali ndisanagwadilepo munthu pamsewu. Ndinafotokoza zonse, za mabatile, za lamulo la mayina, kuti filimuyo ndinali ndisanaione. Ndinapempha kuti anene pa wailesi mawu awili okha, kuti munthu uja alibe vuto.

Mwamunayo anati ndinyamuke, ndikumuunjikila anthu, ndipo tsitsi la mkazi wake m'chitini sanaliikemo mzungu. Mayiyo anamugwila mkono. Anati akanena pa wailesi, amene sanamve adzamva, ndipo adzayamba kuifuna filimuyo mpaka kumidzi yakutali. Ndinaona kuti akunena zoona. Kenako anayang'ana pa muzu paja.

"Zaka zisanu sindinawaopepo," anatelo. "Mpaka lelo ndikudziwa kuti sangandichite kanthu. Koma ndikawaona tsopano ndimamva mawu ako, thupi limangochita lokha. Ndichite bwanji?"

Anadikila ngati ndingamuyankhe. Kenako anakwela honda.

Lachisanu ndinazungulila msika wonse ngati galu wotaya mbuye wake, kupempha aliyense amene ndimamudziwa kuti achotse filimuyo m'foni. Ena anachotsa ndikuona, kungofuna kuti ndichoke pa sitolo pawo. Wometa tsitsi wina anati alibe, ndipo popeza ndabwela ndekha ndimutumizile. Ndinatuluka ndisanamuyankhe, chifukwa pa tebulo pake panali lumo.

Asibweni anabwela Loweluka ndi kanta ya mnzawo, kalole konyamula katundu. Amama anati amene anayambitsa ndiye awauze, ndiponso apite nawo. Ndinalowa m'chipinda. Ndinawauza kuti kwa asibweni wailesi imamveka bwino kuposa kuno, kulibe mahonda, chigayo chili kutali. Anamvetsela akugwedeza thupi kutsogolo ndi kumbuyo.

"Kulibe geti," anatelo.

Tinawakweza m'kanta tili anthu atatu. Mbale ya buluu amama anaikulunga m'chitenje n'kundipatsa ine.

Ku Chikomeni masiku anayi oyamba sanadye, madzi okha. Asibweni anawapatsa khasu kuti akazule mapesi a fodya, iwo anangoligwila ataima mpaka dzuwa kupendeka. Asibweni anati njala idzawaphunzitsa, ng'ombe yatsopano imakananso goli. Ine ndinkazula za anthu awili, mwaukali, mpaka matuza kuphulika, chifukwa ndikasiya manja ndimayamba kuganiza. 2 koloko ikakwana ankayatsa kawailesi n'kuyamba kuzungulila nyumba, kuzungulila, kuzungulila, mpaka agalu anasiya kuuwa. 4 koloko ankaima, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kudzimenya. Filimu ija inali itatitsogolela kale kumeneko. Azimayi ankaitana ana awo kuti alowe m'nyumba tikamadutsa.

Tsiku lachisanu ndinabwela kuchokela kumunda m'mawa kudzamwa madzi, n'kupeza palibe. Akazi awo a asibweni anati awaona akulowela kumsewu, amayesa akupita kuthengo. Ndinatenga njinga ya asibweni osapempha. Ndinawapeza patali ndithu, atadutsa kale sukulu ndi kamlatho, akuyenda monyang'ama m'mphepete mwa msewu wa ku Boma, kawailesi m'manja kosayatsa. Sanatembenuke.

Ndinawatsekela njila ndi njinga, anailambalala. Ndinawanyengelela. Ndinawanamiza kuti mayi uja anasamuka, anati ayi, dzulo potseka pulogalamu ananena kuti tikumanenso mawa. Pamenepo mutu unandiwila. Ndinagwetsa njinga, kuwagwila malaya pakhosi, dzanja lina nditalikweza kale. Ndinawakalipila kuti akakuphani kumeneko, simukumva kodi? Anakhala pansi pamsewu n'kuyamba kumenyetsa mutu pa bondo. Mlomo uja unali usanapole. Ndinaona dzanja langa lili m'mwamba, msewu wonse uli zii, palibe wondigwila. Ndinalitsitsa ndekha. Ndinakhala nawo pansi mpaka anasiya. Atanyamuka analowela komwe ankapita, ine ndinatola njinga n'kumaikankha pambali pawo.

Tinayenda mpaka mapazi awo anayamba kusiya magazi m'mapatapata. Kanta ya chimanga inatiimila, ndipo anavomela kukwela chifukwa inkaloza ku Boma. Amama atationa pakhomo anatenga beseni ndi madzi ofunda, n'kusambitsa mapazi a akulu anga. Anga anawasiya. Asibweni anabwela mawa lake ndi mbale ija kudzatenga njinga yawo, ndipo sanandilankhule.

Nkhani inakambidwa kwa atcheyamani a komboni: ine, amama ndi mwamuna wa mayi wa moni. Anagwilizana kuti akulu anga angaime pa mango pokhapokha ine ndili pomwepo, asatsatilenso honda, ndipo chitini chisatulukenso m'nyumba. Ndikaphonya tsiku limodzi, kapena ndikakwezelanso munthu dzanja, abwelela ku Chikomeni ndipo ine ndikafotokoza kupolisi. Ndinavomela zonse.

Pano m'mawa ndimasenza matumba pa msika. 3 koloko ikakwana ndimasiya, ngakhale lole ili pakati, anzanga akutukwana. Timapita limodzi. Anyamata a mahonda ambili anatopa nayo nyimbo ija, koma alipo awili amene amaimbabe, ndipo ine ndimadutsa manja ali m'thumba, lilime nditaliluma. Timaima. 4 koloko imakwana, geti silitseguka. Mayi uja amatulukila kumbuyo, njila yodzela kutchalitchi, ndipo anayamba tsiku lomwe tinabwelela. Mlonda ndiye anandinong'oneza. Akulu anga sindinawauze. Timadikila mpaka 5 koloko, miyendo yanga ikuyabwa kufuna kuyenda, kenako iwo amatembenuka okha.

Mwezi watha tikubwelela, titangodutsa pa chigayo, akulu anga anachotsa manja m'makutu n'kunena osandiyang'ana kuti, "Amatulukila kumbuyo."

Ndinkadziwa kuti akangoyamba kupita kumbuyoko, zonse zimene tinagwilizana zatha, ndipo palibe kanta imene idzawabweze kachiwili. Ndinafunsa pang'onopang'ono kuti anadziwa liti. Anati kuyambila tsiku loyamba, honda yake imamveka ikamalila. Ndinafunsa ngati akufuna tizikaima kumeneko, ndikukonza kale m'mutu mmene ndiwakanizile.

"Yayi," anatelo. "Safuna."

Mawa lake tinakaimanso kutsogolo.